Kagwape tinakapeza kokhakokha kuseri kwa nyumba

Kunali kumapeto kwa May kuno ku South Bend, Indiana, ku America, ndatuluka m'mawa kuti nditchetche kapinga kuseri, ndisanayatse n'komwe makina ndangomva mwana wanga akukuwa kuti adadi imani kaye! Pansi pa chitsamba pafupi ndi fensi panagona kamwana ka deer, ife tingoti kagwape, kapinda miyendo, mawangamawanga oyera pamsana, kali duu osagwedezeka, maso okha ndi amene amaphethira. Tinaunguza uku ndi uku amake osaoneka. Mtima unandiwawa abale, ndinangoti basi amake agundidwa ndi galimoto kumsewu.

Mayi a kunyumba anali atatulutsa kale mkaka mufiriji, ine ndinati tiyambe tafunsa. Pa intaneti a Indiana DNR, nthambi ya boma yoona za zachilengedwe, ali ndi mndandanda wa anthu okhala ndi chilolezo chosamalira nyama zakutchire zovulala kapena zamasiye, ndinaimbira mmodzi ndipo mayi amene anayankha choyamba kunena chinali chakuti tisakagwire komanso mkaka wa ng'ombe ayi ndithu, umakatsegula m'mimba mpaka kakhoza kufa. Anatinso kusunga nyama yakutchire pakhomo popanda chilolezo ndi mlandu kuno.

Kenako anandifunsa mafunso, ine ndili pawindo foni kukhutu. Kakulira mosalekeza? Ayi, kanali chete. Kagona chammbali miyendo itatambasuka kapena kapinda bwinobwino? Kapinda. Pali ntchentche, mphutsi, magazi, kapena kumbuyo kwake kwada ndi ndowe? Nsonga za makutu zapindika? Izi za makutu ndinali ndisanazimvepo, akuti kakakhala nthawi yaitali osayamwa thupi limauma ndiye makutu amafota kunsonga ngati tsamba. Ndinajambula ndi zoom ya foni ndili patali, makutu anali chilili, mphuno yonyowa yonyezimira.

Ndiye anandifotokozera kuti make amachita dala kukasiya. Masabata oyambirira kamwanako sikangathamange kuthawa coyote (chilombo chonga nkhandwe) kapena galu, chitetezo chake ndi kugona phee basi, fungo kali nalo lochepa ndipo mawanga aja amakabisa mu udzu, pamene make akakhala pompo ndiye kuti akuitana adani. Amakadya patali n'kumabwera kudzayamwitsa kawiri katatu patsiku, makamaka mbandakucha ndi madzulo. Apa ndinakumbuka kumudzi, anyamata akatola kamwana ka gwape kutchire timangoti kamasiye, mwina make anali pafupi pomwepo akutiyang'ana, zinandikhudza kwambiri.

Chovuta chinali kudikira. Makina ndinabweza mugalaja, ana ndinawaletsa kutuluka khomo lakuseri, ndinapita kwa aneba kukawapempha kuti galu wawo asamumasule tsiku limenelo ndipo anamvetsa. Geti la fensi tinalisiya lotsegula. Dzuwa litakwera mwana wanga analira kuti kafa ndi ludzu tikapatseko madzi m'mbale, ndinamukhazika pansi kumuuza kuti tikamapitapita pamenepo amake aziopa kubwera. Ineyo ndimasuzumira pawindo pafupipafupi, nsima ya masana sinalowe bwino. Mayi a pafoni aja anali atanena kuti kakafika mawa lake kali pomwepo kakulira kapena kayamba kuyendayenda kofooka, ndiimbenso adzakatenge.

Cha m'ma 8 koloko madzulo, kuno nthawi imeneyo kumakhala kukadawala, make anatulukira kumitengo. Anaima nthawi yaitali makutu ali tcheru, kenako analowa pang'onopang'ono, kamwana kaja kanadzuka miyendo ili njenjenje n'kuthamangira kumawere kamchira kakugwedezeka, make akukanyambita kumbuyo. Tonse tinali pawindo la kukhitchini magetsi titazimitsa, palibe amayankhula. Kutacha pa chitsamba paja panangotsala udzu wogonagona, kapinga ndinadikira masiku atatu ndisanatchetche ndipo ndinayamba ndayenda yadi yonse kuyang'ana pansi pa zitsamba.