Tinayamba ndi bulashi, lero tikupopera

Ntchito yathu ndi yopopera penti m'makomo mwa anthu kuno ku Lilongwe: mageti, mabagalaba, zitseko, makabati a kukhitchini, nthawi zinanso mipando imene akalipentala a ku Mchesi amatipatsa kuti tiithire vanishi. Tinayamba awiri, ine ndi alamu anga, tili ndi mabulashi basi. Otikakamiza kugula makina anali makasitomala. Munthu woti walipira ndalama zambiri kwa owotcherera safuna kuona mizere ya bulashi pa geti yake yatsopano.

Mukalowa m'sitolo kukafunsa kompuresa, makina opanikiza mpweya wopoperera penti, wogulitsa amathamangira kukuuzani kukula kwa thanki: iyi ya malita 24, iyi 50, iyo 100. Komatu thanki ndi nkhokwe chabe, wolima ndi pampu. Chofunsa n'chakuti pampuyo ikutulutsa mpweya wochuluka bwanji pa mphindi imodzi. Gani, chida chopoperera penti, ya mtundu wa HVLP (ya mpweya wambiri wosapanikizika kwambiri), imene ambiri amaikonda poti sitaya penti wambiri m'malere, imadya malita pafupifupi 300 kapena kuposa pa mphindi, pa mphamvu ya 2 bar (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya). Tikompuresa ta 2 HP (muyeso wa mphamvu ya mota) timene tadzaza m'masitolomu sitifikako. Nambala yolembedwa pambali pa kompuresa kawirikawiri ndi ya mpweya umene pampu ikukoka, ndipo wofika ku gani umakhala wochepa kwambiri. Ndiye mumayamba bwinobwino, mukafika pakati pa chitseko mphamvu yagwa, penti akutuluka madonthomadontho, pamwamba pachita manthumanthu. Muime, mudikire thanki idzaze, uku mbali imene munayamba ija ikuuma.

Ife tinasankha gani kaye, kenako n'kufunafuna kompuresa yoti iikwanitse. Tinatenga ya lamba, ya 3 HP, thanki ya malita 100, yoyendera magetsi a m'nyumba. Ya lamba imazungulira pang'onopang'ono, sitentha msanga, phokoso lakenso aneba amalipirira. Gani tinatenga ya mtundu wina, wa LVLP, yosadya mpweya wambiri. Imachedwerapo, inde, koma siima panjira. Kuipa kwa kompuresayi ndi kulemera: popita ku Area 49 kapena ku Area 25 timachita kubwereka galimoto, ndipo ndalama imeneyo timaiwerengera pamtengo wa ntchito.

Magani tsopano tili nawo awiri. Ya nozo (kabowo kotulukira penti) ya 1.4 mm ndi ya vanishi ndi penti womaliza, ya 1.8 mm ndi ya pulayima, penti woyambira, monga red oxide wa pazitsulo, amene ndi wolimbirapo. Alamu anga salola kuti gani igone yosatsuka ndi thinazi, ngakhale titaweruka usiku.

Mdani wamkulu ndi madzi. Mpweya ukapanikizika, chinyezi chimasanduka madzi m'thanki, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo akadutsa m'paipi amakasiya timatuza pa penti. Madzulo aliwonse timatsegula kampopi ka pansi pa thanki, ndipo tinaika sefa yogwira madzi pafupi ndi gani. Magetsi nawo ali ndi zawo. Mota imakoka mphamvu yochuluka podzuka, choncho kajenereta kakang'ono sikaidzutsa, chingwe chachitali chowonda chimangoiliritsa osazungulira. Bola kutalikitsa paipi ya mpweya, kompuresa ikhale pafupi ndi soketi.

Timapopera m'mawa mphepo isanayambe, gani italikire masentimita 15 mpaka 20, titavala masiki a mafiluta, osati ansalu aja. Galimoto ya mwini nyumba timayamba taichotsa.

Ena amatiitana kuti tikapopere makoma a nyumba yonse ndi PVA, penti wa madzi wopaka pamakoma. Pamenepo timakana. Penti ameneyu ndi wolemera, kuti adutse m'gani yathu muyenera kumusungunula ndi madzi ambiri mpaka osakwirira khoma. Ntchito imeneyo ndi ya makina a airless, opopera penti popanda mpweya, amene sitinagule, ndiye makomawo timapakabe ndi rola.