Mlendo wokana nkhuku ku Linthipe

Lamulungu. Tafika kwa agogo ku Linthipe dzuwa litakwera kale, ine ndi mnzanga wa kuntchito. Iyeyu ndi wa mpingo wa Seventh Day, ndipo anasiya kudya nyama kalekale.

Agogo atangotiona anatuma ana kuti agwire tambala. Nditawanong'oneza kuti mlendoyu sadya nyama, anagwira pakamwa. "Iwe, mlendo adye masamba pakhomo panga? Anthu akamva ati chiyani?" Kwathu kuno mlendo amamuphera nkhuku, masamba ndi a eni khomo. Mnzangayo anachita kugwada: "Agogo, mukandiphikira nkhwani wotendera mwandilemekeza kwambiri."

Tinawapeza akufutsa ndiwo. Mwezi wa Epulo uno khwanya ndi chitambe zili mbwee m'munda, koma pofika Okutobala amene alibe dimba amalira. Ndiye amathyola masamba anthete, kuwawiritsa pang'ono chabe, kenako kuwayanika pamphasa mpaka aume gwaa. Akauma amawakulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, chikwatu chatheka. Amazipachika kudenga la khitchini komwe utsi umathamangitsa anankafumbwe. Ndinayesa kumanga chimodzi, agogo anangoseka n'kuchimasula.

Pophika sanagwiritse soda wa m'sitolo. Anatentha zitsononkho, phulusa lake n'kuthira madzi m'kachitini kobowola pansi, chidulo chikudontha pang'onopang'ono. Therere la denje linafewera momwemo. Mtedza anasinja mumtondo, kusefa, nsinjirozo n'kuthira mu nkhwani utatsala pang'ono kupsa. Mafuta ophikira sanayandikire mphika. Panalinso nyemba zofiira ndi nsima ya mgaiwa.

Mnzanga anadya mitanda itatu, osayankhula.

Chimene chimandinyansa n'chakuti ku Lilongwe munthu akati "lero tadya zamasamba" amanena motsitsa mawu, ngati akuulula ngongole. Chonsecho masamba amene tikudya m'tauniwo ndi repu kapena kabichi wosambira m'mafuta basi. Bonongwe, chisoso, luni, kholowa, chigwada chosinja ngati cha anzathu a ku Nkhata Bay amene amadyera kondowole, ambiri aife sitidziwanso kaphikidwe kake. Kuphika nyama n'kosavuta. Mayi waluso amadziwika pa thendo.

Madzulo agogo anatipatsa zikwatu ziwiri. Akuti mfutso tiziyamba tauviika m'madzi ofunda kuti mchenga utsike, ndipo nsinjiro tisamaumire. Minibasi tinaidikira nthawi yaitali pamsewu wa M1, moti tafika ku Area 25 kutada.