Mayi wa ku Chatsworth amene analibe mphamvu pa ana ake

Mwezi uno pa phunziro la mbiri ya England takhala tikuwerenga za nyumba zikuluzikulu zakumidzi za mabanja olemera. Ndinkayembekeza kumva za zipinda, zovala ndi minda ya maluwa. Koma chimene chandikhala pamtima ndi moyo wa Georgiana Spencer.

Anakwatiwa ndi William Cavendish, Duke wachisanu wa Devonshire (Duke ndi udindo wapamwamba wolowa m'banja), pa 7 June 1774, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 17. Nyumba ya banjali kumudzi inali Chatsworth, ku Derbyshire. Banja la mwamuna wake linkadikira chinthu chimodzi kwa iye: mwana wamwamuna, poti malo ndi udindo ankalowa ndi mnyamata woyamba kubadwa. Anabereka atsikana awiri, mu 1783 ndi 1785, ndipo mnyamatayo anadzabwera mu 1790, patatha zaka 16 ali m'banja. Mwana woyamba uja anamuyamwitsa yekha, pomwe akazi ambiri apamwamba ankalemba mayi wina ntchito yoyamwitsa.

Apa ndi pomwe ndinaima n'kuwerenganso. Mwamuna wake ankakhala ndi Lady Elizabeth Foster m'nyumba momwemo, mpaka anabereka naye ana awiri. Koma Georgiana atatenga pakati pa Charles Grey, yemwe pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu ya dzikolo, mwamuna wake anamutumiza kunja n'kumuuza kuti asankhe: asiye Grey ndi khandalo, apo ayi ana ake atatu sadzawaonanso. Mwanayo, Eliza, anabadwira ku France mu 1792, ndipo anaperekedwa kwa makolo a Grey. Mayiyo anabwerera kwawo mu 1793.

Sizinali nkhanza za munthu mmodzi chabe. Malamulo a nthawiyo ankati ana a m'banja ndi a bambo, chuma cha mkazinso chimalowa m'manja mwa mwamuna akangokwatiwa. Ine amene ndinakulira komwe ana amawerengedwa kuchikazi, malume n'kukhala mwini mbumba, zinandivuta kuzimvetsa. Lamulo lolola mayi kupempha kukhoti kuti asunge ana osakwana zaka 7 linabwera mu 1839, wolemba mabuku Caroline Norton atalimenyera nkhondo, nayenso atalandidwa ana ake aamuna atatu.

Georgiana anali atamwalira kale mu 1806, ali ndi zaka 48. Ankapita ndithu kukamuona Eliza ndi timphatso, koma mwanayo anadzadziwa kuti mlendo uja ndi mayi ake maliro atachitika kale.