Sabata ya siling'i ya Transporter

Lolemba kunabwera vani ya Volkswagen Transporter T5 ya bambo ena opuma pantchito, omwe akufuna kukazungulira nayo ku Scotland ndi mayi akunyumba. Kuno ku Britain ambiri amasandutsa vani kukhala kanyumba koyenda, bedi, sinki ndi chitofu cha gasi zili momwemo. Mbali yanga pagalaja pathu ndi siling'i ndi zipupa zamkati.

Iwo ankafuna matabwa a paini olowana, ati anawaona pa Instagram. Ndinawauza kuti, "Bambo, matabwa ngokongola ndithu, koma denga la galimoto yanuyi ndi lalifupi, munthu saimirira n'komwe. Akudyerani malo, akulemetsani, ndipo pamsewu wa mabampu azilira." Tinamvana pa pulayiwudi wa mamilimita 3.6, wokuta ndi kapeti yotamuka mbali zonse.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinathera pa ntchito imene mwini galimoto sadzaiona, ndipo ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri. Anthu awiri akagona m'vani usiku wozizira, mpweya wawo ukagunda chitsulo umasanduka madontho, monga amachitira malata kwathu m'mamawa mwezi wa Juni. Madziwo akabisala kuseri kwa siling'i, chotsatira ndi chuku ndi dzimbiri. Ndiye ndinamata thovu (chinthu chofewa ngati siponji chotchinga kuzizira) losamwa madzi pachitsulo penipenipo, osasiya kampata, kenako n'kudutsitsa mawaya a magetsi. Ukaiwala waya umodzi, n'kuphwasula zonse.

Lachinayi guluu wopirira kutentha anatithera kapeti ili pakati. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa anatola wamba pashelefu, ati onse amamata. Ndinakana. Denga likamenyedwa ndi dzuwa la Julayi limatentha moti sungaikepo dzanja, guluu wamba amafewa, kapeti n'kulendewera pamutu pa anthu. Ndaphwasulapo zotere, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa eniake anali atalipira kale kwina. Tinadikira guluu wina wopirira kutentha mpaka masana. Atafika ndinamuonetsa mnyamata uja: kupopera mbali zonse ziwiri, kudikira mpaka guluu ayambe kunata osatsalira kuchala, n'kumasalaza kuchokera pakati kupita m'mphepete.

Lachisanu tinakweza siling'i ija n'kuimanga pa nthiti za denga. Ndinakulunga tepi pa kachitsulo koboolera kuti kasalowe mopyola, chifukwa kungoterereka pang'ono waboola denga, mvula n'kupeza njira. Bambo aja anafika cha m'ma 4 koloko, anagona chagada pabedi, anayatsa timagetsi tonse, n'kuitana mayi kuti adzaone.