Chitseko cha valavu chomwe chinkavina pa kompyuta

Ntchito ya sabata ino inali yoyerekeza pa kompyuta kayendedwe ka madzi m'valavu yoletsa madzi kubwerera, ija yokhala ndi chitseko cholendewera pa hinji, ya pa payipi ya mamilimita 300. Magetsi akathima mwadzidzidzi pampu imaima, madzi omwe amakwera mtunda amayamba kutsetsereka, ndipo chitseko chikachedwa kutseka chimamenyetseka. Eni ntchito ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: pofika potseka, madzi amakhala akubwerera pa liwiro lanji? Lamulo la Joukowsky limati m'payipi yachitsulo, momwe funde la puresha limathamanga pafupifupi mamita 1,000 pa sekondi, kuimitsa madzi oyenda theka la mita pa sekondi kumawonjezera puresha ndi ma bar 5 nthawi yomweyo.

Lolemba ndi Lachiwiri zinathera pa mesh, timabokosi tija timene pulogalamu imagawamo madzi. Tinayamba ndi mesh yotamuka mu OpenFOAM, pulogalamu yowerengera kayendedwe ka madzi, koma chitseko chikamayandikira pokhalira pake timabokosi tapakati timafinyika mpaka kutembenuka, pulogalamu n'kuima. Tinasamukira ku overset, njira yosanjikiza ma mesh awiri, ndi solver (gawo la pulogalamu lochita masamu) ya overPimpleDyMFoam: mesh ina ya payipi yosasuntha, ina yoyenda ndi chitseko. Ngakhale apo, mpata sungatsekeke mpaka ziro. Tinasiya theka la milimita, momwe tinaikamo timabokosi tisanu. Kampata kameneka n'kamene kamadya nthawi. Madzi akamadutsapo pa mamita 10 pa sekondi m'timabokosi ta milimita 0.1, sitepe ya nthawi, kanthawi komwe pulogalamu imalumpha powerengera, isapitirire sekondi 0.00001 kuti madzi asadutse kabokosi kopitirira kamodzi pa sitepe, ndiko kuti nambala ya Courant isapose 1.

Vuto lenileni linabwera Lachitatu. Patangotha masitepe ochepa, mphamvu yokankha chitseko inayamba kulumpha, sitepe ino uku, yotsatira uko, ikukulirakulira mpaka manambala onse kubalalika. Pa sikirini chitseko chinkaoneka ngati chikuvina. Aliyense akaona zotere amathamangira kuchepetsa sitepe ya nthawi. Apa sizithandiza, ndipo kawirikawiri zimangoipiraipira.

Chifukwa chake chili pa sikelo. Chitseko chachitsulo cha mamilimita 300 m'mimba mwake ndi 10 kuchindikala chimalemera makilogalamu pafupifupi 5.5. Koma mbale yotere ikamayenda chafulati m'madzi imakankha ndi kukoka madzi oizungulira, ndipo kulemera kwa madzi amenewo kumawerengedwa motere: 8 kugawa ndi 3, kuchulukitsa ndi 1,000 (makilogalamu a madzi mu kiyubiki mita imodzi), kuchulukitsanso ndi 0.15 (theka la m'mimba mwa chitseko, m'mamita) katatu. Zimatuluka makilogalamu 9, ndipo m'payipi mopanikizika amaposa apo. Ndiye kuti madzi omwe chitseko chanyamula akuchiposa kulemera. Pulogalamu ikawerengera madzi kamodzi, n'kusuntha chitseko kamodzi, n'kupitirira, chitsekocho chimayankha mphamvu ya sitepe yapita mopyola muyeso, madzi n'kubwezera mopyolanso. Mumpweya simungalione vutoli, poti mpweya ndi wopepuka kuposa madzi kopitirira ka 800. N'chifukwa chake anzathu ozolowera mapiko a ndege amadabwa akafika ku madzi.

Mankhwala ake ndi kukambiranitsa madzi ndi chitseko kangapo m'sitepe imodzi mpaka zigwirizane. Mu fayilo ya fvSolution tinayatsa moveMeshOuterCorrectors kuti chitseko chizisuntha pa kubwereza kulikonse, tinakweza nOuterCorrectors, chiwerengero cha kubwerezako, kufika pa 8, ndipo mu fayilo ya dynamicMeshDict tinatsitsa accelerationRelaxation kufika pa 0.3 kuti chitseko chisamayankhe mopyola muyeso. Sitepe iliyonse inayamba kutenga nthawi yaitali, koma mzere wa mphamvu unasalala. Chinanso chinatulukira Lachinayi: momentOfInertia, nambala yosonyeza kuvuta kwa kuzunguza chitseko, inakoperedwa kuchokera ku pulogalamu yojambulira ya CAD ili m'makilogalamu ndi mamilimita, pamene OpenFOAM imafuna mamita. Kusiyana kwake ndi ka miliyoni. Titakonza vuto loyamba n'kuikamo nambala yolakwikayo, chitseko chinkangoti njo, osasuntha.

Lachisanu tinapereka mzere woonetsa ngodya ya chitseko pa nthawi iliyonse, ndi liwiro la madzi obwerera potseka. Kugunda kwenikweniko sikuoneka m'masamuwa, chifukwa solver imeneyi imatenga madzi ngati osafinyika. Liwirolo likalowetsedwa m'pulogalamu ina yowerengera payipi yonse. Kukhukhuzana kwa pa hinji sitinakuikemo, choncho valavu yadzimbiri idzachedwa kutseka kuposa yathuyi. Tapempha amakanika kuti akayeze ndi sikelo yokoka pa valavu yomwe yagwirapo ntchito, ndipo kompyuta taisiya ikubwereza zonse ndi timabokosi tating'ono kuposa apa mpaka Lolemba.