Nditataya bass ija, ndasankha 7.1:1

Anzanga a mbedza kuno ku Lusaka, Loweruka lapitali ndinali pa damu la pafamu ina cha ku Chisamba. Nsomba yaikulu ya mtundu wa bass inameza nyambo n'kuyamba kuthamangira komwe ndinaima. Ndinapukusa ndi mphamvu zanga zonse koma chingwe chinangokhala lende, nsomba n'kulavula mbedza ndikuona ndi maso. Zinandiwawa kwambiri.

Vuto linali reel yanga (chopukusira chingwe cha mbedza) ya mtundu wa baitcaster, ya 5.4:1. Nambalayi ikutanthauza kuti mukapukusa handulo kamodzi, spool (pamene pamakulungika chingwe) imazungulira ka 5.4 basi. Imakoka mwamphamvu, ndipo pa crankbait (nyambo yopanga yooneka ngati kansomba) yomira pansi kwambiri imagwira ntchito bwino osatopetsa mkono. Koma kukulunga chingwe imachedwa.

Ndiye kwa inu amene ndalama ikungokwana reel imodzi, ine ndikuti tengani yothamanga, ya 7.1:1. Ambiri amakonda 6.4:1, sindikuwatsutsa, pa spinnerbait (nyambo ya tizitsulo tozungulira) ndi yabwinodi. Koma reel yothamanga mutha kuipukusa pang'onopang'ono mukafuna, pomwe yochedwa simungaithamangitse ngakhale mutatuluka thukuta. Pa jig (mbedza ya mutu wolemera) ndi nyongolotsi zapulasitiki zija, m'mbali mwa bango, chingwe chimafunika kukungika msanga.

Mwezi ukatha ndikukagula yanga.