Masamba 7 a girizi m'kope langa

Kope lomwe ndimalembamo zophunzira za ku galaja lili ndi masamba 7 akuda kuposa ena onse, ndipo onsewo ndi a njinga imodzi. Ndinachoka ku Chipata kudzaphunzira umakaniko kwa amalume, omwe ali ndi kagalaja ka njinga zamoto cha ku Chawama, mu Lusaka. Tsiku ndi tsiku timagwira ma Boxer ndi ma TVS a anyamata operekera katundu m'tauni muno: kusintha oyilo, kukunga tcheni, mabuleki atha, klatchi ikuterereka. Njinga zimenezi ndimazimasula ngakhale magetsi atazima, manja amadziwa okha pomwe pali bawuti iliyonse. Ndinayamba kudzimva kuti ndapsa.

Kenako mu Juni kunabwera bwana wina ndi Suzuki GSX-R600 yabuluu, kumbuyo kwake kukubwera kagalimoto konyamula makatoni atatu omwe anali atangowatenga ku Intercity, atabwera pa basi yochokera ku Johannesburg. M'makatoni awiri munali mawilo atsopano. M'lachitatu, lalitalilo, munali swingarm, chitsulo chija chimagwira wilo lakumbuyo n'kumakwera ndi kutsika nalo, koma iyi inali yotalika mainchesi 4 kuposa yomwe njingayo inabadwa nayo.

Amalume anaiyang'ana nthawi yaitali osaigwira. Kenako anafunsa kuti, "Bwana, njingayi mumapita nayo kuti?"

"Ku Siavonga, a mdala. Pafupifupi Lamlungu lililonse ndi anzanga."

"Njira ya m'mapiri ija? Yamakhota okhaokha?"

"Yomweyo. Ingomangani, ndalama ndatulutsa kale."

Amalume sanayankhenso. Ine panthawiyo sindinamve chomwe funsolo linkatanthauza, maso anga anali pa mawilo, omwe ankanyezimira ngati si zoti zikaponde fumbi la Lusaka.

Phunziro loyamba linali la kulemera. Tinabwereka sikelo kwa amayi ogulitsa kapenta pafupi ndi galaja, n'kuyeza mawilo akale ndi atsopano opanda matayala. Onse awiri pamodzi, atsopanowo anapepuka ndi makilogalamu 2 ndi pang'ono. Ndinaseka. Ndalama zonsezo chifukwa cha makilogalamu 2? Mwiniwakeyo akanangosiya nsima yamadzulo mwezi umodzi, bwenzi atataya oposa pamenepo kwaulere. Amalume m'malo mondiyankha anatenga wilo la njinga yakapalasa, anandigwiritsa ekiselo yake ndi manja awiri, analizunguza mwamphamvu, n'kunena kuti, "Lipendamitse, mphwanga." Wilolo linakana. Linkalimbana nane ngati mbuzi yokokedwa kupita kumsika. Litasiya kuzungulira, linapendama mosavuta.

Usiku umenewo ndinawerenga pa foni mpaka batire kutha, ndipo zomwe ndinalemba m'kope ndi izi. Chinthu chozungulira chimakana kusintha komwe chaloza, ndipo chimakana kwambiri chikakhala cholemera m'mphepete. Choncho wilo lopepuka limalola njinga kugona msanga polowa pakhota, silivuta kulithamangitsa, silivutanso kuliimitsa. Palinso china. Thupi la wokwera, injini ndi felemu zimakhala pamwamba pa masipuling'i, koma wilo, tayala ndi disiki ya buleki zili pansi pake. Wilo likagunda kabampu limadumpha, ndipo ntchito ya shock, chida chokhala ndi sipuling'i chochepetsa kudumphako, ndi kulibwezera pansi msanga kuti tayala ligwirenso phula. Lolemera limachedwa kubwerera, lopepuka limamvera. N'chifukwa chake kilogalamu imodzi ya pawilo siifanana ndi kilogalamu imodzi ya pamimba pa bwana.

Kapangidwe kake ndinakamva mosavuta chifukwa ndinakafanizira ndi zomwe ndimaona. Mawilo ambiri a kufakitale amapangidwa mothira aluminiyamu wosungunula m'chikombole, monga amachitira aja opanga mapoto m'makomboni. Chitsulo chothira chimatha kukhala ndi timabowo tosaoneka m'kati, ndiye kuti chilimbe amachipanga chochindikala. Mawilo omwe anabwera nawo bwanayu anali osula: aluminiyamu amamupsinja ndi makina amphamvu kwambiri asanamuseme, monga wosula makasu kumudzi amalimbitsira chitsulo pochimenya. Chosula chimalimba ngakhale chili chopyapyala, ndipo kupepuka kumachokera pamenepo. Makampani odziwika pa ntchitoyi ndi monga Marchesini ndi OZ a ku Italy. Pali enanso opanga mawilo a carbon, opepuka koposa, ndipo ndinadabwa kuona kuti amodzi mwa otchuka padziko lonse, BST, ali konkuno kum'mwera, ku Johannesburg. Koma amalume amati pa misewu yathu, makamaka mvula ikangotha maenje ali kakasi, iwo sangalangize munthu carbon. Aluminiyamu akagunda dzenje amapindika, umaona ndi maso kuti pavulala. Carbon sapindika, amatha kung'aluka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino.

Ndinaphunziranso kuwerenga manambala a patayala, omwe kale ndinkangowatchula ngati nyimbo. Lakumbuyo linalembedwa 180/55 ZR17. 180 ndi mulifupi mwake m'mamilimita, 55 akutanthauza kuti msinkhu wa m'mbali mwake ndi 55 peresenti ya mulifupimo, ndiye kuti 99 mm, ndipo 17 ndi kukula kwa wilo m'mainchesi. Lakutsogolo ndi 120/70 ZR17. Manambala awiriwa, 180 ndi 120, anadzandichititsa manyazi patapita masiku awiri.

Swingarm ndiyo inatipatsa ntchito yambiri, chifukwa ukatalikitsa chinthu chimodzi zonse zolumikizana nacho zimafupika. Bwanayu sanagule tcheni. Amalume anandiuza kuti ndiwerengere ndekha kuti tikufuna chotalika bwanji. Tcheni cha njingayi ndi 525, ndipo kuchoka pa pini imodzi kufika pa inzake ndi 5/8 ya inchi, kapena 15.875 mm. Poyamba ndinagawa mainchesi 4 okha ndi 5/8 ija, ndinapeza mfundo 6 ndi pang'ono, n'kuthamangira kukanena. "Tcheni chimangopita osabwerera?" anatero amalume. Zoonadi, chimadutsa pamwamba n'kubwerera pansi, ndiye ndi mainchesi 8. Ukagawa umapeza 12.8. Komanso tcheni chimalumikizana pa nambala yogawika pawiri, choncho kusankha kunali pakati pa mfundo 12 ndi 14 zowonjezera, zotsalazo n'kukonzera pa mabawuti okungira. Masamu omwe ndinkawathawa ku sekondale anandipeza nditakhala pa kreti ya zakumwa, pensulo ili kukhutu. Paipi ya mafuta a buleki yakumbuyo nayo inaperewera, tinachita kusaka yaitali tsiku lathunthu m'masitolo a zida, kenako kuchotsa mpweya m'buleki mpaka mwendo wanga kuuma.

Tsopano pomwe ndinalakwitsa. Wilo lakumbuyo silikhala pakati lokha, limakhazikika ndi timasipesa tiwiri, tizitsulo tobulungira tomwe timalowa pa ekiselo, kena kumanzere kena kumanja. M'katoni munali tiwiri tooneka ngati mapasa, popanda pepala lililonse lofotokoza. Amalume anali atapita kumaliro ku Matero, ndipo ine ndinafuna kuti akabwera apeze ntchito yatha. Ndinalowetsa timasipesato, ndinakunga tcheni mpaka chikusewera 25 mm, pakati pa 20 ndi 30 monga buku la njingayo limanenera, ndinamanga nati ya ekiselo ndi torque wrench, sipana yoyeza mphamvu yomangira, pa 100 Nm. Nditazunguza wilo ndinamva kaphokoso kakuti tswee, tswee kuchokera ku disiki. Ndinadziuza kuti ndi mapadi atsopano, azolowerana.

M'mawa amalume anazunguza wilolo kamodzi kokha, n'kumvetsera mutu atapendeketsa. Sananene kanthu. Anayamba ayeza ndi tepi kuchoka pa bawuti yomwe swingarm imazungulirapo kufika pakati pa ekiselo, mbali zonse ziwiri, kuti aone ngati wilo silinakhote. Zinali zofanana, ndipo mtima wanga unakhalako pansi. Kenako anatulutsa ulusi wa amisiri omanga nyumba, wachikasu uja. Anaukoloweka kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, nsonga ziwirizo anazikokera kutsogolo, imodzi mbali iyi ina mbali iyo, n'kuzimanga pa njerwa ziwiri patsogolo pa njinga. Anasuntha njerwazo pang'onopang'ono mpaka ulusi ungokhudza m'mbali mwa tayala lakumbuyo osapindika. Atawongola chiwongolero anandipatsa veniya, kachida koyezera timipata ting'onoting'ono.

"Yeza mpata wa pakati pa ulusi ndi tayala lakutsogolo. Koma uyambe wandiuza, ukuyembekezera angati?"

180 kuchotsa 120 ndi 60, kugawa pawiri, pafupifupi 30 mbali iliyonse. Ndinagwada pasimenti. Mbali ina ndinapeza 27, inayo 33. Ndinayezanso, manambala sanasinthe.

"Wilo lako lakumbuyo likuyenda njira yakeyake, mphwanga. Masula."

Nditatulutsa timasipesa tija n'kutiyeza ndi veniya, kena kanali kotalika 3 mm kuposa kanzake. Ndinali nditatisinthanitsa. Mamilimita atatu ndi ochepa kuposa njere ya chimanga, koma anasuntha wilo lonse, sprocket yakumbuyo, chitsulo chamanomano chomwe tcheni chimayendapo, inachoka pamzere wa yakutsogolo, ndipo disiki inkakhula mbali imodzi. Tcheni choyenda mopendama chimadya mano a sprocket cham'mbali n'kutha msanga, disiki yokhula imatentha, ndipo zonsezi zikanachitika pansi pa munthu wotsetsereka mapiri a ku Chirundu. Pa Boxer ndakhala ndikumanga mawilo mongoyang'ana ndi diso, ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula. Usiku umenewo ndinagona ndikuwerenga m'mutu ma Boxer onse omwe ndinawatulutsa pageti popanda kuyeza kalikonse.

Chomwe chinandivuta kumvetsa kuposa zonse chinali shock. Sitinaigwire n'komwe, koma bwanayo atakhala panjinga, kumbuyo kunatsika kwambiri. Tinayeza kuchoka pa ekiselo kufika pa chizindikiro cha pamchira, koyamba wilo lili m'mwamba, kachiwiri mwini wake atakwera ndi chipewa ndi jekete lake. Kusiyana kwake pa njinga zoterezi kumayenera kukhala cha m'ma 30 mpaka 35 mm, ife tinapeza pafupifupi 50. Ndinafunsa amalume kuti sipuling'i yafewa bwanji tisanaikhudze. Anandifunsa kuti bawuti ikakanika ndimatani. Ndimalowetsa paipi pa sipana kuti italike. "Ndiye dzanja lako limakhala lasanduka lamphamvu?" Ayi, mkono wautali ndiwo umachulukitsa mphamvu. Swingarm yaitali ndi paipi ija: kulemera n'komweko, koma kukukanikiza sipuling'i kuchokera patali. Ine ndinathamangira kunena kuti tingomanga preload, manati aja opanikiza sipuling'i. Izo zimakweza mchira, koma siziumitsa sipuling'i, pabampu imapindikabe mofanana. Mankhwala ake enieni ndi sipuling'i yolimba, yomwe bwanayu analibe ndipo sanafune kumva zogulanso china. Tinamanga preload momwe tikanathera, amalume n'kumuuza poyera kuti tangophimba.

Apa m'pomwe funso la tsiku loyamba lija linandimvekera. Swingarm zazitali ndi za mpikisano wa mzere wowongoka, wotchuka ku America, pomwe njinga zimathamanga mamita 402 okha kuchoka poima. Kumeneko vuto ndi lakuti wilo lakutsogolo limanyamuka ukangotsegula mafuta, ndiye amatalikitsa njinga kuti mphuno ikhale pansi. Pakhota ndi nkhani ina. GSX-R600 ili ndi mtunda wa pafupifupi 1,400 mm pakati pa mawilo awiri, ndipo anaifupikitsa dala kuti izikhota msanga. Ukawonjezera 100 mm imafuna malo ambiri pokhota, monga loli isiyanirana ndi minibasi pa raundi ya Kafue. Ndiye bwanayu anagula mawilo oti njinga izigona msanga pakhota, n'kugulanso swingarm yoti izichedwa. Katoni ina inkabweza zomwe makatoni awiri anabweretsa. Maganizo anga, ngakhale ndine wophunzira chabe, ndi akuti ndalama ya swingarm ikanapita ku matayala abwino ndi kukonzetsa shock, akanamva kusintha kwenikweni. Koma njinga yaitali imaoneka bwino pazithunzi za pa Facebook, ndipo sindinama, nane ndinaijambula.

Anaiyesera pa Leopards Hill Road Lamlungu m'mawa, anabwera akumwetulira, analipira, napita. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Mu Ogasiti, mphepo yafumbi ija itayamba, ndinamva kulira kwa injini yake pageti. Anavula chipewa n'kukhala kaye chete. Kenako anati, "A mdala, chitsulo chakale chija munachisunga?" Anafotokoza kuti m'mapiri njinga ikumakana kulowa pakhota, akumachita kuikakamiza ndi mapewa, ndipo pamabampu kumbuyo kukumavinavina. Amalume sanamukumbutse kalikonse. Anangonditumiza kuseri kwa shelefu, komwe swingarm yakale, tcheni chake ndi paipi ya buleki zinali m'thumba la ufa, zitakulungidwa m'nyuzipepala kuyambira Juni.

Ulendo uno ntchito yonse anandisiyira. Mabelingi a swingarm ndinawatsuka n'kuwapaka girizi watsopano. Timasipesa ndinatiyeza tisanalowe, kakumanzere n'kukadontheza penti yofiira. Ulusi ndinakoloweka ndekha, njerwa ndinasuntha ndekha, ndipo veniya inati 30 mbali iyi, 30 mbali iyo. Bwanayo atakwera, kumbuyo kunatsika 33 mm. Amalume anabwera ndi kapu ya tiyi m'manja, anazunguza wilo kamodzi, anamvetsera, n'kubwerera pampando wawo.

Swingarm yaitali ija ili pamsomali m'galaja, mwini wake akuti tim'pezere wogula. Anyamata a ma Boxer amaigwiragwira akamadikira njinga zawo, ndipo sabata yatha wina anandifunsa ngati ingakwane pa yake.